Musanaitche yamagetsi, yang'anani pomwe imadyera

Mnzanga wina anapatsidwa galimoto yatsopano ndi akuntchito kwake, ndipo tsiku lomwe anandinyamula anandiuza mosangalala kuti masiku ano akuyendera yamagetsi. Inanyamukadi mwakachetechete, kumangomveka matayala akuponda timiyala, mpaka titalowa mumsewu waukulu m'pamene injini inadzuka. Titafika komwe tinkapita ndinatsegula kumbuyo kuti nditenge chikwama changa. Pakona panali nthambo yotchajira, yakuda, yonenepa ngati chala chachikulu, ikadali m'pulasitiki yomwe inabwera nayo kuchokera kufakitale. Galimotoyo inali itatha miyezi isanu ndi iwiri m'manja mwake koma nthamboyo inali isanalowepo pasoketi. Nditamufunsa, yankho lake linali lomveka: mafuta imalipira ndi kampani, pomwe magetsi a kunyumba amagula yekha.

Sindinamuimbe mlandu, poti ambiri a ife tikanachita chimodzimodzi. Chomwe chinandikhala mumtima ndi dzina lija. Mawu oti "yamagetsi" tawasenzetsa katundu wochuluka kwambiri. Timaitanira galimoto yomwe siidziwa n'komwe fungo la petulo, timaitaniranso ina yomwe singasunthe popanda petulo, komanso ina yomwe imayendera mpweya wa hydrogen wopangidwa kuchokera ku gasi. Ogulitsa amapindula ndi chisokonezo chimenechi, maboma amadzitama nacho m'malipoti awo, ndipo wogula amatsala ndi chinthu chomwe sakuchimvetsa. Ine ndikuti tisiye kutengeka ndi kachizindikiro kobiriwira komwe amamata kumbuyo kwa galimoto. Tiyang'ane pakamwa pake, pomwe mphamvu imalowera, kenako tiilondole mphamvuyo mpaka komwe yachokera.

Gwero la nkhani yonseyi ndi kusiyana kwa injini ndi mota. Mukayenda ulendo wautali pa galimoto ya petulo, ikani dzanja pa boneti mukangofika. Kutentha komwe mukumvako ndi mafuta omwe munagula aja. Lita imodzi ya petulo imasunga mphamvu yolingana ndi mayuniti pafupifupi 9 a magetsi, yuniti ija akatswiri amailemba kuti kWh, koma mumsewu weniweni yomwe imafika kumatayala kawirikawiri siipitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Yotsalayo imathera mu ekizosi ndi m'madzi oziziritsa injini. Mota yamagetsi imagwiritsa ntchito pafupifupi 90 peresenti ya mphamvu yomwe yalandira. Ilinso ndi khalidwe lina lomwe injini ilibe. Mukasiya kuponda moto pamtsetse, mota imasanduka jenereta: matayala ndi omwe amayamba kuizunguza, liwiro limatsika, ndipo magetsi amabwerera m'batire. Nthawi yoyamba yomwe ndinaona nambala ya batire ikukwera pomwe tinkatsika phiri, maso anga sanachoke pagalasipo mpaka kumunsi. Pa galimoto wamba mphamvu yomweyo imangotenthetsa mabuleki mpaka kununkha.

Luso limeneli ndi lomwe Toyota inamangirapo Prius, yomwe inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997. Hybrid ya mtundu umenewu ili ndi injini ya petulo, mota, ndi kabatire kosunga yuniti imodzi kapena awiri basi. Kabatireko kamatolera mphamvu ya mabuleki ndi yomwe injini yatsaza, n'kumathandiza ponyamuka komanso m'misewu yothithikana momwe injini imawononga mafuta kwambiri. Ndi makina anzeru ndipo ndimawapatsa ulemu. Oyendetsa mataxi m'mizinda yambiri padziko anawakonda kalekale chifukwa amamwa pang'ono ndipo satha msanga. Koma pulagi alibe. Mphamvu yonse yomwe ili m'kabatire kaja inalowera pathanki, ndipo tsiku lomwe mafuta asowa, hybrid imaima pamodzi ndi anzake onse. N'chifukwa chake mawu otsatsira malonda oti galimoto yotere ndi "yodzitchaja yokha" amandiwawa. Ku Norway bungwe la boma loteteza ogula linanena mu 2020 kuti kutsatsa kotero kumasocheretsa anthu, ndipo linalondola.

Yomwe amaitcha mild hybrid sitingataye nayo nthawi: kabatire ka mavoti 48 ndi kamota kongothandizira injini, komwe nthawi zambiri sikangayendetse galimoto pakokha. Yochititsa chidwi ndi e-POWER ya Nissan, yomwe inatuluka mu 2016. Matayala ake amazunguzidwa ndi mota yokha, moti mukaiyendetsa imamveka ngati ya batire, koma pansi pa boneti pali injini ya petulo yomwe ntchito yake n'kupanga magetsiwo. Nayonso pakamwa pake m'pamodzi, pathanki.

Tsopano tifike pa galimoto ya mnzanga uja, plug-in hybrid, yomwe ili ndi pakamwa pawiri: kachitseko ka mafuta mbali ina, ka pulagi mbali inayo. Batire lake limasunga mayuniti 10 kapena 20, okwanira makilomita 40 mpaka 80 injini isanadzuke. Pa pepala palibe yoiposa. Maulendo a tsiku ndi tsiku, a kuntchito, a kusukulu ya ana, a kukagula zinthu, mumayendera magetsi, ndipo tsiku la ulendo wautali mumathira mafuta n'kumapita opanda nkhawa. Mitsubishi Outlander ya mtundu umenewu, yomwe inatuluka mu 2013, inagulidwa kwambiri ku Ulaya pa lonjezo limeneli.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo galimoto imeneyi yawatsimikizira. Kuyambira 2021 magalimoto atsopano a m'maiko a European Union amakhala ndi kachipangizo kolemba mafuta omwe amwadi mumsewu. Pomwe European Commission, nthambi yoyendetsa ntchito za mgwirizano wa maikowa, inasanthula manambala oyamba n'kutulutsa lipoti mu 2024, inapeza kuti ma plug-in hybrid akutulutsa utsi wa carbon dioxide wochuluka maulendo atatu ndi theka kuposa womwe unalembedwa poyesedwa. Makinawo sananame. Anthu ndi omwe sankatchaja monga momwe owerengera ankaganizira, makamaka oyendetsa magalimoto a kampani. Ndipo plug-in hybrid yosatchajidwa ndi galimoto ya petulo yomwe yasenza batire lolemera, kumaliyendetsa uku ndi uku popanda phindu. Mwiniyo ali ndi injini yofuna oilo ndi mafyuluta, alinso ndi batire lomwe analilipira mokwera, ndipo m'maiko ena boma linamuchotsera msonkho poganiza kuti akuyeretsa mpweya.

Sindikuti mtundu umenewu ndi woipa mwa iwo wokha. Munthu yemwe ali ndi soketi pomwe amaimika galimoto, yemwe amalumikiza usiku uliwonse monga amachitira ndi foni, akhoza kutha mwezi osapita komwetsa mafuta. Ku China makampani ngati Li Auto akugulitsa magalimoto ambiri a batire lokulirapo okhala ndi kainjini kongopangira magetsi likatha, ndipo kwa anthu okhala kutali ndi malo otchajira ndi njira yomveka. Chomwe ndikukana n'kuiwerenga galimoto yotere ngati yamagetsi tisanadziwe khalidwe la mwini wake. Kampani yomwe imapereka khadi la mafuta koma osabweza ndalama ya magetsi a kunyumba yasankha kale pomwe galimotoyo izidyera. Ngakhale chiwerengero chomwe chimatchulidwa kwambiri, choti mu 2024 padziko lonse panagulitsidwa magalimoto amagetsi oposa 17 miliyoni, kupitirira imodzi pa isanu iliyonse yatsopano, bungwe loona za mphamvu la International Energy Agency limachipeza pophatikiza a batire lokha ndi ma plug-in hybrid. Chiwerengerocho n'chosangalatsa ndithu, koma m'kati mwake mulinso nthambo zomwe zikadali m'pulasitiki.

Galimoto yomwe dzinali limaiyenera popanda kuwonjezera mawu ndi ya batire lokha. Ilibe thanki, ilibe ekizosi, ilibe oilo wa injini, ndipo yambiri ilibe magiya osinthasintha. Si yachilendo monga ambiri amaganizira. Mu 1899 Camille Jenatzy wa ku Belgium anakhala munthu woyamba kupitirira liwiro la makilomita 100 pa ola pa galimoto, ndipo galimotoyo inali yamagetsi. Cha m'ma 1900 pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la magalimoto a ku America linali lamagetsi. Zomwe zinawagwetsa ndi Ford Model T ya 1908 yomwe inali yotsika mtengo, sitata yamagetsi yomwe Cadillac inayamba kuika mu 1912 n'kuthetsa chintchito cholizira injini ndi handulo, mafuta otchipa, ndipo koposa zonse batire la mtovu lomwe linali lolemera koma losunga zochepa. Chomwe chinawadzutsa ndi batire la lithium, lomwe Sony inayamba kugulitsa mu 1991 ndipo linapezetsa John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino mphoto ya Nobel mu 2019. Tesla Roadster inatuluka mu 2008, Nissan Leaf mu 2010. Leaf yoyambayo inali ndi batire la mayuniti 24. Lero la mayuniti 50 mpaka 80 si lachilendo, ndipo limayenda makilomita 300 mpaka 500.

Taonani kusiyana kwake. Galimoto ya batire yapakatikati imadya mayuniti 15 mpaka 20 pa makilomita 100. Ya petulo yomwe imamwa malita 7 pa mtunda womwewo yawotcha mphamvu yoposa mayuniti 60.

Kutchaja ndi komwe anthu ambiri amasokonezeka nako, ndipo m'pomveka, chifukwa tinazolowera kuima mphindi zisanu thanki n'kudzaza. Magetsi a m'nyumba ndi a mtundu wa AC pomwe batire limasunga a DC, choncho m'galimotomo muli kachipangizo kowatembenuza, ndipo kukula kwa kachipangizoko ndi kwa waya n'komwe kumalamula liwiro. Soketi wamba imapereka makilowati awiri kapena atatu, moti batire la mayuniti 60 lingafune tsiku lathunthu. Bokosi lotchajira lomangidwa pakhoma, la makilowati 7, limalidzaza usiku umodzi. Makina akuluakulu a m'mbali mwa misewu amatembenuza okha magetsiwo n'kuwathira molunjika m'batire, makilowati 50 mpaka 350, ndipo pa makina amphamvu kwambiri theka la ola limakwana kulichotsa pa 10 peresenti kufika pa 80. Likadutsa pamenepo liwiro limatsika dala pofuna kuteteza batire, monga momwe dzanja limachepetsera madzi botolo likatsala pang'ono kudzaza. Wozolowera sadikira kuti lifike pa 100. Amachotsa nthambo n'kumapita. Ndipo masiku ambiri sayima n'komwe panjira, poti galimoto imatha maola ochuluka itangoima, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe imadya.

Apa m'pomwe pali chofooka chenicheni cha galimoto ya batire, ndipo okonda magalimotowa asamachibise. Imakomera munthu yemwe ali ndi malo akeake oimikapo. Wokhala m'nyumba yosanjikizana, wochita lendi, woimika mumsewu, amadalira makina a aliyense omwe ndi okwera mtengo ndipo nthawi zina amawapeza atafa. M'nyengo yachisanu choopsa mtunda umafupika. Kukoka ngolo yolemera kumalimaliza msanga batire. Komwe magetsi amathimathima, funso la pomwe galimoto idyere limasanduka funso la dziko lonse.

Otsutsa amakonda kunena kuti magetsiwo amachokera ku malasha amiyala, ndiye utsi wangosamuka kuchoka pa ekizosi kupita pa chumuni cha fakitale. Mfundoyi ndi yoyenera kuimvetsera, poti ndi yomwe ndikunena ine ndemwe, yolondola mphamvu mpaka kugwero. Galimoto yotchajidwa ku Norway, komwe pafupifupi magetsi onse amachokera ku madzi ndi mphepo ndiponso komwe mu 2024 magalimoto atsopano pafupifupi 9 pa 10 alionse anali a batire, si yofanana ndi yotchajidwa ku Poland kapena ku India komwe malasha akadali ochuluka. Kupanga batire nakonso kumatulutsa utsi wambiri, moti galimotoyi imatuluka m'fakitale ili ndi ngongole yomwe imaibweza ikayenda makilomita masauzande makumi angapo. Koma imabwezadi, ndipo komwe magetsi ndi oyera imabweza msanga. Chomwe chimandikopa ine n'chakuti galimoto ya batire imasintha pamodzi ndi magetsi a dziko. Akamanga malo atsopano a mphamvu ya dzuwa chaka chamawa, galimoto yomwe munagula chaka chatha imayera nawo, inu osasintha ngakhale bawuti imodzi. Ya petulo imawotcha petulo kuyambira tsiku loyamba mpaka lomwe idzaphwasulidwe. Ndiponso utsi wa pachumuni chimodzi chakutali ukhoza kusefedwa, pomwe wa pa ekizosi umatulukira pamsinkhu wa mphuno ya mwana yemwe akuwoloka msewu.

Za migodi sindingazipeputse. Pafupifupi 70 peresenti ya cobalt wa padziko, chimodzi mwa zitsulo zopangira mabatire, amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, ndipo ena mwa iye amakumbidwa pamanja, m'maenje oopsa momwe mwapezekamo ndi ana omwe. Nickel wambiri akuchokera ku Indonesia komwe nkhalango zikugwa, lithium ku Australia ndi m'zipululu zamchere za ku Chile. Aliyense wogula batire ali ndi gawo pa zimenezi, kuphatikizapo ife tonse okhala ndi foni m'thumba. Chondilimbitsa mtima n'chakuti mabatire a mtundu wa LFP, omwe makampani a ku China ngati CATL ndi BYD awafalitsa, alibe cobalt kapena nickel, ndi otchipa, sagwira moto msanga ndipo amapirira kutchajidwa kambirimbiri, ngakhale kuti amasunga zocheperako pa kulemera komweko. Chitsulo cha m'batire lakutha chimatha kuchotsedwa n'kupangira lina. Mafuta akapsa apsa.

Nanga ya hydrogen? Nayonso ndi yamagetsi ndithu, chifukwa matayala amazunguzidwa ndi mota, kungoti magetsiwo amapangidwira momwemo. Mpweya wa hydrogen wochokera m'thanki umakumana ndi wa oxygen m'chipangizo chotchedwa fuel cell, pamatuluka magetsi, ndipo kumbuyo kumangodontha madzi. Toyota Mirai ya 2014 ndi Hyundai Nexo ya 2018 zimadzaza pa mphindi zisanu n'kuyenda makilomita oposa 500. Ndikumvetsa chifukwa chomwe anthu amaikondera, poti imalonjeza moyo womwe tinauzolowera koma wopanda utsi. Vuto limaoneka mukalondola mpweyawo komwe wachokera. Pafupifupi wonse womwe ukupangidwa lero ukuchokera ku gasi ndi malasha, ndipo utsi umatuluka popanga. Mukati muupange mwaukhondo, pong'amba madzi ndi magetsi, mumataya mphamvu pong'ambapo, mumatayanso poupanikiza m'thanki mpaka maulendo 700 kuposa mpweya womwe timapuma, mumataya pounyamula, kenako fuel cell imataya pafupifupi theka la yomwe yatsala. Pa mayuniti 100 omwe munayamba nawo, kumatayala kumafika cha m'ma 30, pomwe mukanangowathira m'batire bwenzi atafika oposa 70. Malo othirira ndi okwera mtengo kumanga ndipo ndi ochepa. Mu 2024 Shell inatseka malo ake othirira magalimoto ang'onoang'ono ku California, eni a magalimotowo n'kutsala manja ali m'khosi. Hydrogen waukhondo akufunika kwambiri popanga feteleza ndi chitsulo, komwe batire silingathandize. Kumuthira m'galimoto yopitira kuntchito n'kuwononga chinthu chosowa.

Pali kusiyana kwina komwe mndandanda wa mitundu ya magalimoto suonetsa, ndiko kukula. GMC Hummer yamagetsi imalemera matani oposa 4, ndipo batire lake lokha, la mayuniti oposa 200, limalemera makilogalamu oposa 1,300, kuposa galimoto yaing'ono yathunthu. Batire la njinga yakapalasa yothandizidwa ndi mota limasunga theka la yuniti. Mphamvu ya batire limodzi la Hummer ikanakwanira njinga 400. Zonsezi amazitcha zamagetsi, zonse zilibe ekizosi, koma ndikanama nditanena kuti n'zofanana pamaso pa mgodi wa lithium, kapena pamaso pa munthu woyenda pansi yemwe angagundidwe. Tikangotenga chilakolako chathu cha magalimoto akuluakulu n'kuchiveka batire, tachiza utsi wa mumsewu koma matenda enawo tawasiya momwemo.

Nkhani za m'manyuzipepala zimakonda Tesla, koma ntchito yaikulu yagwiridwa ndi tinthu tating'ono. Bungwe lofufuza za mphamvu la BloombergNEF linawerengera kuti mwa mafuta onse omwe sanawotchedwe mu 2022 chifukwa cha zoyendera magetsi, pafupifupi magawo awiri mwa atatu anapulumutsidwa ndi njinga zamoto ndi timagalimoto ta matayala atatu, makamaka ta ku China ndi ku India. Pa zimenezi vuto lodikira kutchaja lili ndi yankho losavuta, chifukwa batire ndi loti munthu n'kulinyamula m'manja. Ku Taiwan woyendetsa njinga ya Gogoro amaima pa kabati ya mabatire, amasolola awiri akutha pansi pa mpando, amawalowetsa m'mabowo, kabatiyo imamutulutsira ena odzaza, ndipo mphindi isanathe wanyamuka. Kwa munthu yemwe njinga ndi ofesi yake, mphindi zimenezo ndi ndalama. Mzinda wa Shenzhen ku China unamaliza kusintha mabasi ake onse, pafupifupi 16,000, kukhala a batire mu 2017, ndipo basi imodzi yoyenda m'mawa mpaka usiku imapulumutsa dizilo woposa yemwe magalimoto ambirimbiri a anthu angapulumutse atangoima panja pa maofesi.

Ndiye pali ina yakale kwambiri, yomwe ogulitsa magalimoto saitchula chifukwa sangakugulitseni: yodyera pa waya. Werner von Siemens anaonetsa kasitima kamagetsi ku Berlin mu 1879, ndipo mu 1881 tramu yamagetsi, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, inayamba kunyamula anthu ku Lichterfelde, kufupi ndi mzindawo. Sitima, tramu ndi basi ya mikono iwiri yogwira waya wam'mwamba sizisenza mphamvu yawo. Zimailandira pomwe zikuyenda, choncho sizifuna batire la matani kapena kuima kuti zitchaje. Kumanga mawaya kumafuna ndalama zambiri poyamba ndiponso boma loganiza za zaka makumi atatu, n'chifukwa chake mizinda yambiri inawazula m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 pomwe dizilo anali wotchipa. Yomwe inawasunga ikusangalala lero. Ku Zürich, m'dziko la Switzerland, mabasi ena a waya ali ndi batire laling'ono lomwe limadzaza basiyo ikuyenda pansi pa waya. Waya akatha, dalaivala amatsitsa mikono ija osadzuka pampando, basi imapitirira ndi batire mpaka komwe ikupita, ndipo pobwerera mikonoyo imakwera n'kugwiranso waya, anthu ali m'katimo osadziwa n'komwe kuti china chasintha.